Mendulo ya agogo anga idawoloka nyanja, ndithandizeni kupeza mwini wake woyamba

Akonzi,

Ndibwerekeniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokoze za kanthu kakang'ono kamene kakundisowetsa tulo kuyambira mwezi wa Juni. Ndikufunanso thandizo la awerengi anzanga, makamaka a kuno kumpoto ndi a ku Kasungu.

Bambo anga atatisiya, pogawa katundu ine ndidalandira bokosi lachitsulo limene ankaika kunsi kwa bedi. Lidakhala zaka zinayi m'nyumba mwanga ku Chibavi ndisadalifwanthule. Tsiku lina kuzizira kwa Mzuzu kutafika povuta, ndidalitsegula kuti ndione ngati muli bulangete. Mudalibe. Mudali Baibulo lothothoka chikuto, masatifiketi, ndi kachitini ka tiyi. M'kachitinimo, yokulungidwa m'kansalu, mudali mendulo ya agogo anga aamuna, atate awo a bambo.

Mendulo imeneyi tonse kwathu timaidziwa. Ndi yasiliva, yokulirapo pang'ono kuposa chitsekero cha botolo, ili ndi kamphete kamene padali podutsa kansalu kokolowekera. Mwana akasankhidwa kupita kusekondale, bambo ankaitulutsa, kumugwiritsa m'manja, n'kumuuza kuti: "Agogo ako adayenda pansi kuchokera ku Kasungu mpaka ku Khondowe, ndipo adaposa anzawo onse. Iyi adawaveka ndi Dotolo Laws ndi manja awo." Inenso ndidaigwira mu 1976, manja akunjenjemera. Zaka 34 zimene ndidagwira choko, nkhaniyi ndidaifotokoza kwa ana asukulu osawerengeka.

Padalibe chifukwa choikayikira. Nthawi imeneyo Kasungu adali pansi pa mishoni ya Livingstonia, asadaperekedwe kwa a Nkhoma m'ma 1920. Ku Chilanga kudali Dotolo George Prentice, ndipo Kamuzu Banda adaphunzira komweko ali mnyamata. Mwana wanzeru wa kumeneko maso ake ankaloza ku Khondowe (Livingstonia), kumene Dotolo Robert Laws adatsegula sukulu ya Overtoun mu 1894, mishoni itachoka ku Cape Maclear kumene idayambira mu 1875, n'kudzera ku Bandawe mu 1881. Sukulu imeneyi ndi imene idatulutsa Levi Mumba, mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, ndi Clements Kadalie amene adakayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Laws adachoka m'dziko muno mu 1927, choncho agogo adamupezadi.

Koma tsiku limenelo ndidali nditavala magalasi, ndipo ndidakhala pafupi ndi zenera. Kumaso kwa mendulo kuli nkhata ya masamba, pakati pali mawu akuti DUX, kunsi kwake 1897. Chakacho ndidachionapo ndili mwana, koma mwana sachotsera. Agogo adamwalira mu 1971 ali ndi zaka pafupifupi 70, ndipo iwo eni ankanena kuti pa nkhondo ya Jeremani ya 1914 adali kamnyamata kosayamba n'kumera ndevu komwe. Mu 1897 adali asadabadwe. Ndidakhala pansi nthawi yaitali, mpaka tiyi adazizira m'kapu.

Safunsa adadya phula. M'mawa mwake ndidapita kumsika waukulu, kwa bambo wina wokonza mawotchi amene ndakhala ndikumupatsa ntchito kwa zaka zambiri. Adaika kagalasi kake kokulitsa zinthu padiso, adayandikitsa maginito ndipo mendulo siidamatirire, adaiyeza pa kasikelo n'kupeza magalamu 21. Kenaka adati: "Mayi, taonani apa." Kumbuyo, chakunsi, kuli tizidindo tinayi tating'ono ngati njere za mawere, timene ine ndinkangoti ndi zipsera za ukalamba. Atandibwereka kagalasiko ndidaona bwino: kanyumba ka nsanja zitatu, kaduwa kaminga, chilembo chimodzi chokhotakhota, ndi zilembo ziwiri zogundizana.

Apa ndi pamene ndikufuna awerengi amvetsetse, chifukwa ambiri tili ndi tinthu totere m'nyumba, supuni, mawotchi a m'thumba, zikho, osadziwa kuti timalankhula. Ku Britain lamulo lidali lakuti chinthu chasiliva chisanagulitsidwe chipite ku ofesi yoyesa zitsulo, ndipo chikapezeka kuti ndi siliva weniweni, magawo 925 pa 1,000, amachidinda. Mzinda uliwonse uli ndi chidindo chake. Nangula ndi Birmingham, mutu wa kambuku ndi London, chisoti chachifumu chidali cha Sheffield, mtengo wokhala ndi mbalame, belu ndi nsomba udali wa Glasgow. Kanyumba ka nsanja zitatu ndi Edinburgh, ndipo kaduwa kaminga ndi chizindikiro chimene ankadinda kumeneko chotsimikiza kuti siliva ndi wabwino, pomwe ku England ankadinda mkango. Zilembo ziwiri zija ndi za wosula. Chilembo chokhala chokha ndi cha chaka. Mdzukulu wanga adandipezera pa intaneti ndandanda wa zilembo za ku Edinburgh, ndipo tidakhala usiku wonse tikufananitsa, chifukwa zilembozo zimabwerezedwa pakapita zaka, umayenera kuona kalembedwe kake ndi mpanda umene wachizungulira. Chathu chidagwera pa 1896 kulowa 1897. Palinso umboni wa chimene palibe: kuyambira 1784 mpaka 1890 ankawonjezera chidindo cha mutu wa mfumu kusonyeza kuti msonkho waperekedwa. Pa mendulo yathu mutuwo palibe, kutanthauza kuti idasulidwa 1890 itadutsa. Zonse zidagwirizana.

Mawu akuti DUX ndi a Chilatini, amatanthauza mtsogoleri. M'sukulu za ku Scotland mwana woposa onse amamutcha choncho mpaka lero, ndipo amamupatsa mendulo. Kumbuyo kwa yathuyi, mozungulira, mukuwerengeka mawu awiri okha, PUBLIC SCHOOL, monga ankatchulira sukulu za ana a anthu wamba zimene zidafala kumeneko litakhazikitsidwa lamulo la 1872 lokakamiza ana a zaka 5 mpaka 13 kupita kusukulu. Dzina la sukuluyo lidali patsogolo pa mawu awiriwo, koma lidafufutika, kwangotsala mizere yosaoneka bwino. Dzina la mwana wolandira lidali pakati, kwatsala zilembo zoyamba za maina ake atatu, chomaliza ndi M.

Lidafufutika bwanji? Ndi phulusa. Khirisimasi iliyonse mayi anga ankaikwecha ndi phulusa ndi kansanza mpaka iwale ngati mbale yatsopano, ndipo ine ndinkawathandiza. Ankachita zimenezo chifukwa choilemekeza. Koma siliva ndi wofewa, ndipo chaka ndi chaka tinkachotsa pang'onopang'ono dzina limene lero ndikulifuna ndi misozi. Chonde, amene muli ndi chinthu chotere, musachikweche ndi phulusa, mchenga kapena mankhwala opukutira zitsulo. Kuda kwake sikuchiwononga. Chikulungeni m'kansalu kouma basi.

Wokonza mawotchi uja ndi amene adaonanso chinthu chachiwiri. M'mphepete mwa mendulo, mopyapyala muja, muli zilembo zina zokhomedwa ndi chitsulo, zosafanana kutalika, china chopendekeka. Ndi zilembo zoyamba za maina a agogo anga, kutsogolo kwake 1921. Dzanja lake si la wosula wa ku Edinburgh. Ku Khondowe, kuwonjezera pa uphunzitsi ndi zaubusa, ankaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku ndi ntchito zazitsulo, choncho zipangizo zokhomera zilembo zotere sizikadasowa pamalopo.

Mu Julayi ndidakwera basi kupita ku Kasungu kwa azakhali anga, mwana yekhayo wa agogo amene watsala. Ali ndi zaka 89, maso adachita khungu, koma mutu uli bwinobwino. Nditawaika mendulo m'manja adaisisita, n'kuseka pang'ono.

"Za Dotolo Laws zija adaziyambitsa ndi bambo ako," adatero. "Ankafuna inu muzilimbikira sukulu."

"Nanga agogo ankati chiyani, azakhali?"

"Atate ankati adawapatsa ndi dona wina amene ankawaphunzitsa masamu. Ankabwerera kwawo atadwaladwala malungo. Adawaitana n'kuwauza kuti iyi adailandira ali mwana, kwawo kudali kosauka, tsono aitenge iwo chifukwa masamu ankawakhoza kuposa onse."

"Dzina lake simukulikumbukira?"

"Iwe mwanawe, ife tinkangomva kuti dona. Ukadabwera amayi ako aakulu ali moyo, ndiwo ankadziwa."

Amayi aakuluwo adamwalira mu 2009. Ndidakhala nawo pamphasa kambirimbiri, tikusenda mtedza, osawafunsa.

Pobwerera m'basi ndidawerengetsa. Mwana amene adalandira mendulo mu 1897 ali ndi zaka 12 kapena 13, mu 1921 adali ndi zaka 36 kapena 37, msinkhu woyenera mphunzitsi wa pamishoni. Mawu a azakhali akugwirizana ndi zimene chitsulo chikunena.

Achimwene anga aakulu nkhaniyi sadailandire. Adandiuza pafoni kuti: "Achemwali, mwachotsa ulemu wa banja. Mukadangoisiya m'chitini." Ndikuwamvetsa, iwonso adaigwira ali mnyamata. Koma ine sindikuona ulemu umene wachoka. Agogo adayendadi pansi mpaka ku Khondowe. Masamu ankawakhozadi. Chimene chasintha n'chakuti mendulo siidachokere m'kabati ya mishoni ngati mphotho ya chaka ndi chaka. Munthu adavula chinthu chake chamtengo wapatali, chimene adachisunga zaka 24 n'kuwoloka nacho nyanja, n'kuchipereka kwa mnyamata wa ku Kasungu. Kwa ine, amene ndaphunzitsapo ana ndipo ndikudziwa mmene mtima umachitira ukapeza mwana wakuthwa m'kalasi la ana 90, zimenezi n'zolemera kuposa zija tinkanena.

Mbiri itamveka m'dera lathu, kudabwera mnyamata wina wa gulu lija logula ndalama zakale ndi nsimbi zamakala. Adanditchulira K60,000, ndipo sadafunse n'komwe kuti mwini wake adali ndani. Ndidamubweza. Zinthu zambiri zachoka m'midzi mwathu mwa njira imeneyi, ndipo zikafika kumene zikupita zimangolembedwa kuti mendulo yakale ya ku Scotland. Zilembo za m'mphepete zija palibe amene angadziwe kuti ndi za munthu wa ku Kasungu.

Mu Ogasiti ndidapita ku Livingstonia. Ndidakwera minibasi kudzera ku Ekwendeni, kutsika Chiweta mpaka pa Chitimba, kenaka galimoto yabokosi kukwera msewu wa Gorodi ndi makona ake aja ochititsa chizungulire. Ndili m'galimotomo ndinkaganiza za mapazi a agogo. Ku Stone House, nyumba yamiyala imene Laws ankakhalamo, yomwe tsopano akusungiramo zinthu zakale, ndidayang'ana zithunzi za amishoni chimodzichimodzi. Pali amayi achizungu ovala madiresi aatali, ena atakhala pakati pa ana asukulu. Ndidaima pamaso pawo nthawi yaitali mendulo ili m'chikwama. Amene adandilandira adandithandiza mwaulemu, ndipo adandilangiza kuti zikalata zambiri za mishoni zili kosungira zikalata zakale za dziko ku Zomba, zina ku laibulale yaikulu ya dziko la Scotland ku Edinburgh, komanso kuti mishoni inkasindikiza nyuzi yake, Livingstonia News, mmene ankalembamo za obwera ndi ochoka. Ku Zomba ndi ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kuno, ndipo ndikusonkhanitsa ya basi kuchokera pa penshoni kuti ndipite mvula isadayambe.

Ndidayesanso kusukulu ina yakale ya pulayimale ya kwathu, kumene agogo adaphunzitsako atachoka ku Khondowe, poganiza kuti kaundula wakale angatchule kanthu. Aphunzitsi aakulu adanditsegulira kabati. Mabuku adalimo, koma chiswe chidawasandutsa dothi, ukagwira tsamba limangoyoyoka. Si mlandu wawo, adawapeza choncho. Komabe ndipemphe akuluakulu a mipingo ndi a sukulu zakale zonse, kaya ku Bandawe, Ekwendeni, Embangweni, Nkhoma, Likoma kapena Blantyre: makaundula amene atsala ajambulidwe tsamba ndi tsamba. Foni ya m'manja ikukwanira, ndipo achinyamata a m'mipingo angathe kuigwira ntchitoyi pa tchuthi chimodzi. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya kuno ku Mzuzu ingathenso kuika tsiku loti anthu tibwere ndi tinthu tathu, tijambulidwe, talembedwe pamodzi ndi zimene akuluakulu akukumbukira, kenaka aliyense abwerere nako kwawo.

Tsono pempho langa kwa awerengi ndi ili. Ndikufuna dzina la mphunzitsi wamayi wochokera ku Scotland amene ankaphunzitsa ku Khondowe cha m'ma 1921 n'kubwerera kwawo chifukwa cha matenda, amene dzina la bambo ake liyenera kuti linkayamba ndi M. Ngati agogo anu adaphunzira kumeneko zaka zimenezo ndipo adasiya satifiketi yosainidwa, kalata, chithunzi cha kalasi kapena buku lolembedwa dzina la mphunzitsi mkati mwa chikuto, chonde tsegulani bokosi lanu muone. Ngati kwanu kuli agogo amene makolo awo ankatchula maina a madona a ku Khondowe, afunseni sabata ino. Yankho lililonse litumizeni kudzera kwa Akonzi, ine ndidzabwera ndekha kumene muli, mendulo ndidzaitenga kuti muione ndi maso anu. Azakhali andiuza kuti ndikalipeza dzinalo ndipite ndikawatchulire, mwina akalimva adzalikumbukira.

Mphunzitsi wopuma,
Chibavi, Mzuzu