Makolo okayika za Asperger abwererenso kuchipatala ndi umboni

Akonzi,

Tikulemba chifukwa cha makolo kuno ku Mangochi amene auzidwa kuti mwana wawo ali ndi Asperger, vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kucheza ndi ena, koma mtima sukuvomereza. Amati mwana amalankhula bwino, masamu amakhoza, nanga vuto lili pati? Kukayika kotere si kulakwa, koma kopita nako ndi kuchipatala komweko, osati kwa sing'anga. Vutoli silibwera chifukwa cha ufiti, katemera kapena kaleredwe.

Dzinali linachokera kwa Hans Asperger, dokotala wa ana wa ku Vienna, amene analemba za ana otere mu 1944. Madokotala a ku America anasiya kulitchula padera mu 2013, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachitanso chimodzimodzi m'buku lake la matenda lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Masiku ano Asperger ili m'gulu limodzi la mavuto otere lotchedwa autism. Mwana amene ankatchedwa wa Asperger sachedwa kulankhula ndipo mutu wake umagwira, n'chifukwa chake makolo amadabwa. Pomwe amavutikira ndi pocheza ndi anzake: nthabwala amazitenga ngati zenizeni, sazindikira kuti mnzake wakwiya, amakakamira nkhani imodzi, kaya ya mabwato kaya ya manambala a galimoto, ndipo zinthu zikasintha mwadzidzidzi kapena phokoso likachuluka amasokonezeka kwambiri.

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu komwe kumaonetsa vutoli. Dokotala amadalira mbiri ya kakulidwe ka mwana ndi kumuona akusewera, ndipo apa ndi pomwe kuphonya kumalowera. Mwana wakwathu amaphunzitsidwa kuyang'ana pansi polankhula ndi akuluakulu; umenewo ndi ulemu, pawokha si chizindikiro. Mwana wolankhula Chiyao kunyumba akafunsidwa m'Chichewa kapena m'Chingerezi ndi munthu wachilendo akhoza kungoti duu. Komanso kunyanja kuno malungo ndi ochuluka. Mwana amene anadwalapo malungo okhudza ubongo, matenda oumitsa khosi, kapena khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali akhoza kutsala ndi vuto la kumva, khunyu kapena kuchedwa kugwira zinthu, ndipo zimenezi zimasokonezedwa ndi autism.

Ndiye inu makolo, pemphani kuti mwanayo amuyeze kaye makutu. Tengani buku lake la kusikelo, chifukwa likhoza kukhala ndi matenda akale omwe inu mwaiwala. Kwa masabata awiri, lembani m'kope nthawi iliyonse mwana wavuta: anali kuti, chinayambitsa n'chiyani, anatenga mphindi zingati, chinamutonthoza n'chiyani. Aphunzitsi nawonso alembe zomwe amaona m'kalasi ndi pabwalo. Izi n'zofunika chifukwa autism imayamba mwana ali wamng'ono ndipo imaoneka m'malo osiyanasiyana, kunyumba, kusukulu, kumadrasa kapena kutchalitchi. Khalidwe loyamba mwadzidzidzi mwana ali ndi zaka 9, pambuyo pa maliro kapena kusamuka, likufunika kufufuzidwa mwanjira ina.

Mukabwerera, funsani mwaulemu koma mosaopa: "Adokotala, mwaona chiyani mwa mwanayu, ndipo ndi matenda ati ena omwe mwatsimikiza kuti alibe?" Ngati anaonedwa kamodzi kokha kwa mphindi zochepa, pemphani kalata yoti akaonedwenso ndi akatswiri ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital.

Chomwe chimatipweteka mtima ndi mwana amene amangokhala wopanda thandizo kwa chaka chathunthu pamene akuluakulu akukangana za dzina la vuto lake. Podikira yankho, muuzeni zochitika za tsiku m'mawa, mumuchenjeze pasadakhale zinthu zisanasinthe, mumupatse lamulo limodzi lalifupi nthawi imodzi, ndipo aphunzitsi amukhazike kutsogolo, kutali ndi khomo. Akasokonezeka musamumenye, mutengereni pamalo abata mpaka mtima utsike.

Ogwira ntchito ndi ana,
Mangochi