Khodi yosokonekera yandithandiza kuphunzitsa

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa kompyuta pa sekondale ina kuno ku Zomba, ndipo ndikufuna kuthokoza mkulu wina wa ku Ireland amene sadziwa n'komwe kuti ndilipo, Terry Cavanagh. Mu 2010 anatulutsa kagemu kotchedwa VVVVVV. Kamunthu ka m'gemumo sikadumpha ngati m'magemu ena. Ukadina batani kamatembenuka n'kuyamba kuyenda chadodolido kudenga, kuzemba minga. Gemuyi itakwanitsa zaka 10, mu Januwale 2020, mwini wakeyo anaika khodi yake (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsatira poyendetsa gemuyo) pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo khodi, kuti aliyense aiwerenge.

Ndinaikopa usiku bandulo itatsika mtengo, ndikuyembekezera zaudongo za akatswiri. Ayi ndithu! Penapake zochitika za m'gemu zikuyendetsedwa ndi switch imodzi (mndandanda wa zosankha mu khodi, chilichonse chotchedwa case) yaitali ngati ulendo wa ku Chitipa, ma case mazanamazana, manambala ake mpaka kupyola 4000. Paja gemuyi inayambira mu pulogalamu ya Flash, mu 2011 n'kusamutsidwira ku chinenero cha kompyuta cha C++, ndipo inasamuka ndi zinyalala zake zomwe. Iye mwini sanabise kuti muli chipwirikiti.

Ndinaonetsa ana a Fomu 3 a m'kalabu yathu. Mtsikana wina, amene ankaphimba sikirini ndi dzanja ndikamadutsa kumbuyo kwake, anaseka mpaka misozi. "Sala, ndiye yangatu ili bwino!" Lachisanu lotsatira anationetsa kagemu kake ka nkhuku yothawa kabawi. Nkhukuyo inkangolowa m'khoma. Mnzake anasuzumira, n'kupeza pomwe panalakwika belu lisanalire.

Sikuti Cavanagh anataya malonda ake. Malamulo amene anaika salola munthu kutenga khodiyo n'kukagulitsa, ndipo gemuyo ikugulidwabe. Chinachitika n'chakuti anthu ongodzipereka anayamba kukonza zolakwika, mu 2021 kunatuluka mtundu watsopano wa gemuyi, 2.3, wokhala ndi ntchito ya manja awo, mu 2024 n'kubwera 2.4 yoseweredwa m'zinenero zambiri. Chichewa mulibe, zimenezo zimandiwawa pang'ono.

Ndiye ndimadabwa ndi achinyamata athu opanga mapulogalamu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ukawapempha kuti uone khodi yawo amaifungatira ngati nkhuku pa mazira, ati tiwabera. Ine ndikuganiza kuti ambiri ndi manyazi chabe, ngati a mtsikana wanga uja. Abale, ikani ngakhale kapulogalamu kamodzi kakale poyera. Ana anga akufunitsitsa kuwerenga khodi yolembedwa ndi munthu wa kwathu konkuno, wodziwa kusunga ntchito yake magetsi asanazime.

Mphunzitsi wa kompyuta,
Zomba