Dandaulo pa ntchito ya ma bearing a kutsogolo pa Land Cruiser yanga

Kwa Bwana Manijala,

Ndalemba kalata chifukwa ndikaimba foni, a pa kauntala akungoti mwatuluka.

Mwezi wathawu ndinabweretsa ku galaja yanu Toyota Land Cruiser 79 imene timanyamulira mbewu ndi feteleza. Inkalira kutsogolo, kulira kong'ung'udza kokula pamodzi ndi liwiro, ndipo kunkanyanya ndikamakhotera kumanja. Ndinawafotokozera amakaniko anu zimenezi, poti pokhotera kumanja katundu amatsamira tayala la kumanzere, ndiye yokayikitsa inali bearing ya kumeneko, kachipangizo kothandiza tayala kuzungulira mosavuta. Tinagwirizana kuti musinthe mbali zonse ziwiri. Lisiti lanu likunena momveka: ma bearing a mkati ndi akunja, ma seal atsopano otsekera girizi kuti asatuluke, girizi ndi ntchito. Ndinalipira zonse tsiku lomwelo.

Sabata yatha ndikutsika ku Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, galimoto ili ndi katundu, pedulo ya buleki inayamba kulowa pansi mpaka ndichite kupopa kuti igwire. Ngati munatsikapo msewu umenewu, makona ake mukuwadziwa. Nditaima m'munsi, habu ya kumanzere, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, inali yotentha moti dzanja silikanakhalapo, kuposa kutali ya kumanja, ndipo girizi wakuda anali atachucha mkati mwa limu.

Makaniko wina wa kumeneko anaikweza pa jeke, n'kugwira tayala pamwamba ndi pansi, kuligwedeza. Linkangoti gwedegwede. Atandiuza kuti ndiponde buleki, kugwederako kunatha, kusonyeza kuti vuto si king pin (polumikizira pamene tayala limakhotera) koma bearing. Zokhudza buleki zija zinamvekanso pomwepo: habu ikamagwedera, disiki imakankhira ma padi m'mbuyo, ndiye kuponda koyamba kumangopita pachabe.

Zimene tinapeza atamasula habuyo ndi zimene zandilembetsa kalatayi. Bearing ya galimoto zimenezi ili pawiri, timagudumu toyenda ndi kapu imene imakhomeredwa mu habu. Zimagulitsidwa m'bokosi limodzi ndipo zimasinthidwa limodzi. Anyamata anu anaika timagudumu tatsopano pa makapu akale, okumbikakumbika, ochita buluu ndi kutentha. Kutulutsa kapu yakale n'kukhomera ina kumafuna nthawi ndi kuleza mtima, ndiye anangoidumpha ntchitoyo. Nanga makapu atsopano amene ndinalipira ali kuti? Seal nayonso inali yakale, youma gwa ngati chikopa cha pa ng'oma. Kachitsulo kokhoma manati anabwezeretsa komwe kaja, timakutu take tina titathyoka, moti panalibe chogwira nati kuti isamasuke.

Manati awiri a pa spindle, chitsulo chimene habu imazungulirapo, ali ndi zipsera za tchizulo mbali zonse. Manati amenewa ndi a 54mm ndipo ali ndi soketi yake. Kamangidwe kake n'kodziwika: kumanga nati yoyamba, kuzunguza habu kuti timagudumu tikhazikike, kumasula, kenako kumanganso pa muyeso wa m'buku la Toyota, osathinitsa, osalekereranso. Ikathina kwambiri bearing imapsa, ikalekerera imagwedera. Tsono ndi tchizulo ndi hamala, muyeso umenewo munthu angaudziwe bwanji? Chikwangwani cha pa geti panu chimati ndinu akatswiri a 4x4. Ine ndinasiya amakaniko a pansi pa mtengo, otchipa, n'kubwera kwa inu chifukwa cha mawu amenewo.

Zotsatira zake, bearing ya mkati inagwira n'kuyamba kuzungulira pa spindle mpaka kuidya. Ndagula spindle ina, ma bearing ena, seal ndi girizi, kuwonjezera pa kulipira galimoto ina kuti ipititse katunduyo.

Mnyamata wanu wina pafoni ananena kuti mwina ndi misewu yoipa kapena madzi analowa mu habu. Chichokereni ku galaja kwanu galimotoyi sinawolokepo mtsinje. Ndipo ngakhale ikanawoloka, madzi sangachotse kapu yatsopano n'kubwezeretsa yakale.

Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama zonse za pa lisiti lanu, komanso za spindle ndi za galimoto ya hayala ija. Malisiti ake ndaphatikiza ndi kalatayi pamodzi ndi zithunzi. Habu ya kumanja sitinaimasule dala. Ndikufuna imasulidwe ku galaja kwanu ine ndili pomwepo, tione limodzi zimene zili mkatimo, ndipo ngati ndi zomwezi muikonze bwinobwino osandilipiritsa. Pakadali pano galimoto ili pa nyumba, sindingaikwezenso munthu kapena katundu.

Makapu akale, seal ndi manati ndasunga. Mukapanda kundiyankha polemba pasanathe masiku 14, ndidzazitengera ku bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission komanso ku bungwe loteteza ogula la CAMA.

Ine kasitomala wanu,
Mwini Land Cruiser 79
Lilongwe