Kalata kwa Nduna ya Zantchito: alonda ndi antchito a m'nyumba akudyeredwa masuku pamutu

Olemekezeka a Nduna,

Pempho langa ndi lakuti oyendera malo a ntchito a mu unduna wanu atuluke m'maofesi, apite kumene kuli alonda ndi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, osadikira kuti wina abwere kudzadandaula.

Malamulo tili nawo, ndipo ndi abwino ndithu. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa wantchito aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera. Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito pa sabata ndi 48, opyola pamenepo ndi ovataimu. Tsono taonani mlonda amene amalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Amenewo ndi maola 72. Mukamufunsa za ovataimu amangoseka, n'kupitiriza kusonkhezera kamoto ka makatoni pa geti.

Lamulo lomweli limati polandira ndalama, wantchito apatsidwe pepala loonetsa zomwe walandira ndi zomwe zadulidwa. Ambiri amangopatsidwa ndalama m'manja, atadulidwa kale ya yunifomu, ya mbale yomwe idasweka, ya tsiku lomwe adapita kumaliro. Popanda pepala, mawa akasemphana ndi bwana, umboni autenga kuti? Ya penshoni ndiye musanene. Lamulo la penshoni limati kampani ya alonda iziikapo 10 peresenti ya malipiro, mlonda 5 peresenti. Alipo mabwana amene amadula 5 ya wantchitoyo mwezi ndi mwezi koma osakaipereka, mwiniwake n'kudzadziwira tsiku lomwe ntchito yatha.

Mu February 2024 boma lidakweza malipiro ochepetsetsa a antchito ambiri kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Tidamva pa wailesi, tidaomba m'manja. Koma ndani adayenda m'mageti a ku Area 47, ku Namiwawa kapena ku Katoto kukaona ngati ndalamayo idafikadi m'matumba?

Mudzati wolakwiridwa apite kwa leba. Inde, njira ilipo: wochotsedwa ntchito popanda chifukwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake, zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito. Koma mtsikana wochokera ku Thyolo amene akugona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana, n'kumadya nsima ya pa moto wawo, angawasumire bwanji? Akangotsegula pakamwa, madzulo omwewo chikwama chake chili panja, ndipo wina wafika kale pa geti kufunsa ntchito yomweyo. Miyezi itatu ija imatha akumvera "ubwere mawa, bwana achokapo". Ena amakafika mochedwa chifukwa palibe adawauzapo za malire amenewa, poti lamulolo lili m'Chingelezi cha maloya.

N'chifukwa chake ndikuti boma liyambe ndilo kuyenda. Oyendera akafika pa kampani ya alonda mosayembekezeka, n'kuitanitsa kaundula wa malipiro ndi malisiti a penshoni, palibe mlonda amene angalozedwe chala kuti ndiye wanena. Apatseni mafuta a galimoto, ngakhale njinga zamoto. Mabwana opezeka olakwa alipire zonse zotsalira, ndipo mayina a makampaniwo atuluke m'nyuzipepala.

Chinanso, mfundo zikuluzikulu za lamuloli muzimasulire m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, zizimveka pa MBC ndi pa mawailesi a m'madera. Munenemo momveka kuti ntchito ikatha, malipiro otsalira aperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri, ndiponso kuti munthu sachotsedwa chifukwa cha mlandu asanapatsidwe mpata wonena mbali yake. A MCTU, mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito, angakuthandizeni kufalitsa, koma mphamvu yolowa pa malo a ntchito n'kuitanitsa mabuku lamulo lidaipereka kwa anthu anu.

Ndidzakondwa kumva m'Nyumba ya Malamulo kuti ndi makampani angati a alonda amene mwawayendera chaka chino, ndi ndalama zingati zomwe zabwezedwa kwa eni ake.

Ine wanu,
Nzika ya ku Ndirande