Tiwalangize bwanji maanja achinyamata pa za mphika ndi kuchipinda?

Zikomo Agogo,

Takulemberani ndife amayi olangiza mabanja kuno ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba. Pachilangizo chilichonse, tikamaliza za ulemu kwa apongozi ndi kasungidwe ka ndalama, mkwatibwi amatsala ndi funso limodzi: ndiziwaphikira chiyani amuna anga kuti kuchipinda kusazizire? Anyamata nawo amanong'oneza ankhoswe awo zomwezo, kungoti iwo amati akufuna chowonjezera mphamvu. Za mphika timazidziwa, ndipo tikuyalirani zimene timaphunzitsa kuti mutiwongole pamene tikuphonya. Koma zilipo zina zimene zatikulira msinkhu, ndipo n'zimene tabwerera kwa inu.

Timayamba ndi nthawi yodyera, chifukwa imapha chilakolako kuposa mtundu wa ndiwo. Mabanja ambiri kuno amadya mgonero cha m'ma 9 koloko usiku, bambo n'kumaliza mitanda inayi ya nsima, n'kusamba m'manja, ulendo wa pabedi. Mimba ikadzaza chotero thupi limalemera, tulo sitichedwa, ndipo ena chilungulira chimawagwira akangogona chagada. Mkazi amayesa kuti sakufunidwanso, chikhalirecho vuto lachokera m'mbale. Ife timati mgonero udyedwe isanakwane 7 koloko, mitanda iwiri n'njokwanira, ndiwo zichuluke, ndipo papite maola awiri asanakagone. Wofuna kukhuta kwambiri akhute pa nkhomaliro.

Abambo ambiri amakhulupirira mtedza wauwisi ndi chinangwa chachiwisi. Mtedza ndi chakudya chenicheni, uli ndi mafuta komanso zomanga thupi, ndipo munthu wodya bwino tsiku ndi tsiku amakhala ndi nyonga. Koma si kuti ukatafunidwa madzulo ugwira ntchito usiku womwewo. Chimene timaopa ndi chuku. Mtedza wokwinyika, wakuda m'kati, wowawa, kapena umene anauwaza madzi kuti usavute kuswa, umakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Choncho mtedza uyalidwe pa lichero, usankhidwe umodziumodzi musanasinje. Chinangwa chotafuna chachiwisi chikhale chozizira monga manyokola. Chowawa chija chili ndi poizoni, sichidyedwa chisanaviikidwe m'madzi masiku angapo.

Nsinjiro timaiphunzitsa mofatsa chifukwa atsikana ambiri amaiphonya. Pa nkhwani wa anthu awiri, sadzulani masamba odzaza manja awiri, muwadule, muwaike m'madzi owira osapitirira kapu imodzi, ndi tomato awiri ndi kamchere. Akafewa, wazani nsinjiro theka la kapu pamwamba, vundikirani osatakasa kwa mphindi 5 kuti nthunzi iiphike, kenaka takasani ndi kusiya pamoto wochepa mphindi zina 10. Mukatakasa nthawi yomweyo pamoto waukali, nsinjiro imakhala pansi n'kupserera. Mukaphula msanga imanunkha chiwisi ndi kutupitsa mimba, ndipo munthu wotupidwa safuna ngakhale kukhudzidwa. Futali nayenso ndi chimodzimodzi: mbatata zinayi zapakati, madzi ongofika m'khosi mwa mbatatazo, nsinjiro kapu imodzi yothira zitayamba kufewa. Ameneyu ndi wa m'mawa kapena masana chifukwa amakhalitsa m'mimba.

Madzulo timakonda nsomba. Matemba a ku Chilwa aviikidwe m'madzi ofunda mphindi 10 kuti mchenga ukhale pansi, achotsedwe mitu, akazingidwe pouma kaye asanakumane ndi mafuta masipuni awiri, anyezi ndi tomato. Mlamba wowamba uthiridwe madzi otentha kuti fungo la utsi lichepe. Pambali pakhale kampunga ka ku Domasi kapena kansima ka mgaiwa, ndipo pomaliza nthochi, papaya, kapena zipatso zofiira zija amagulitsa anyamata panjira yokwera phiri la Zomba. Zimenezi n'zopepuka, ndiponso n'zodyera m'mbale imodzi. Timalimbikira pa mbale imodziyo. Ana akagona, awiriwo akhale pamkeka, wina asende nthochi apatse mnzake ndi dzanja, mafoni ali patali. Anthu amene manja awo amakumana m'mbale savutika kuyandikirana pambuyo pake. N'chifukwa chake kunyanyala nsima ya mkazi kumapweteka kwambiri, aliyense amadziwa kuti chakanidwa si nsima yokha.

Fungo nalo lili ndi mbali yake. Chitenje chophikira chimagwira utsi wa nkhuni ndi mafuta a nsomba, choncho chitsale kukhitchini. Ndimu wodula pakati amachotsa fungo la nsomba ndi anyezi m'manja. Adyo akalowa m'ndiwo adye onse awiri. Bambo nayenso asambe ndi kutsuka m'kamwa, makamaka ngati amasuta.

Mawu akuti mwamuna m'pamimba timawamva, koma timawauza akwati kuti mkazi naye ali ndi mimba ndi msana. Mayi amene watunga madzi, wachapa, wagulitsa kumsika, wakoleza mbaula, n'kudzadya zotsala ataimirira, alibe chimene angapite nacho kuchipinda koma kutopa. Bambo akasenda mbatata kapena kutsuka mbale, wachita zoposa muzu uliwonse. Amayi ambiri, makamaka oyamwitsa, magazi amakhala ochepa, ndipo chizindikiro chake ndi kufooka, chizungulire ndi kusafuna chilichonse. Bonongwe, chisoso, nyemba, chiwindi ndi usipa zimathandiza, makamaka akatsirizira ndi gwafa kapena lalanje. Tiyi asamwere pa chakudyacho chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi wopangira magazi, ndipo soda wambiri m'masamba amawononga mavitamini ena. Zoti therere limafooketsa abambo timazikana, ndi ndiwo ngati zina zonse.

Thobwa timalilola, kachasu ayi. Pa malita 5 a madzi, phikani phala la mgaiwa makapu awiri, liphuleni lizizire mpaka chala chizipirira, thirani chimera kapu imodzi, ligone usiku umodzi, m'mawa muliwiritsenso. Chimera chikathiridwa phala lili lotentha kwambiri, thobwa silitsekemera. Likakhala masiku angapo limasasa n'kusanduka mowa. Ndipo mowa umanamiza: umachotsa manyazi, koma ukachuluka thupi la mwamuna limakana ntchito.

Tsopano, Agogo, zotivuta zija. Pamsika waukulu wa Zomba ndi m'misika ina yozungulira, gondolosi amagulitsidwa poyera. Ndi muzu wonunkhira, wowawira poyamba kenaka wotsekemera, ndipo makolo akhala akuutafuna kuyambira kale. Koma wogulitsa aliyense ali ndi muyeso wake. Wina akuti kachidutswa ngati chala, wina akuti sipuni ya ufa wake m'phala, wina akusakaniza ndi mthubulo m'botolo lopanda dzina. Palinso timapaketi ta uchi ndi khofi tochokera kunja tolembedwa kuti n'tachilengedwe. Tikudziwa kuti m'maiko ena zinthu zotere zapezekapo zitathiridwa mobisa sildenafil, mankhwala amene ali mu Viagra, ndipo munthu amene akumwa mankhwala a mtima a mtundu wa nitrate akaphatikiza ndi amenewa BP yake imatsika moopsa. Timapaketito timaletsa osaphethira. Nanga gondolosi? Tikaletsa, anyamata amati alangizi sakudziwa za makolo, ndiye amakagula mobisa. Tikalola, tilibe muyeso woti tiwapatse, ndipo ena mwa iwo ali pa ma ARV kapena mankhwala a BP. Tiziyankha chiyani?

China n'chobisa cha m'khitchini. Alipo akazi amene amathira timizu m'ndiwo kapena m'tiyi wa amuna awo osawauza, ena pofuna mphamvu, ena ndi kondaine weniweni wochoka kwa asing'anga. Ife timati chilichonse cholowa m'thupi la munthu iye asakudziwa n'kulakwa, ngakhale cholinga chikhale chikondi, ndipo tsiku limene adzadziwe sadzakhulupiriranso mphika wa m'nyumba mwake. Koma atsikanawo amatiyankha kuti malangizowo anawapatsa ndi azakhali awo kapena agogo awo. Tingawachotse bwanji pa zimenezi popanda kunyoza akuluakulu a kwawo? Vuto lomweli lili pa mwambo wa mchere. Apongozi ena amaletsabe mkazi amene ali kumwezi kuthira mchere m'ndiwo poopa mdulo, ndipo mtsikana wokulira m'tauni amaona ngati akumutcha wodetsedwa, n'kuyamba kudzipatula kwa mwamuna wake ngakhale masikuwo atatha.

Chimene chikutisowetsa tulo kwambiri ndi abambo a zaka 40 kupita m'tsogolo. Mphamvu ya mwamuna imadalira magazi kuyenda bwino m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo shuga, BP ndi fodya zimawononga timitsempha timeneti mwakachetechete. Nthawi zambiri kufooka kuchipinda ndiko kumayamba kuonekera matenda a mtima asanadziwike. Pamenepo mkazi, mwa chikondi chake, amachulukitsa nyama yamafuta, mazira okazinga, tiyi wa shuga masipuni anayi ndi mchere wapambali, kuyesa kubwezera mphamvu, osadziwa kuti akuwonjezera nthenda. Mchere woyenera munthu wamkulu pa tsiku ndi wosapitirira magalamu 5, kasipuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'nsomba zouma ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Kuyezetsa shuga ndi BP sikutenga nthawi, chipatala chachikulu cha Zomba ndi cha Matawale zili pafupi. Koma kungotchula chipatala, bambo amamva ngati wauzidwa kuti anagwa mu mpapaya, amakwiya, ena mpaka kusiya kudya panyumba. Ena amene anayamba kale mankhwala a BP amawasiya okha poganiza kuti ndiwo awafooketsa, m'malo mobwerera kwa dokotala kuti aone ngati angawasinthire.

Tithandizeni ndi mawu enieni amene mkazi angayambire nkhani imeneyi kwa mwamuna wake osamuvula ulemu, komanso mutiuze ngati n'koyenera kuti alangizi aamuna ndi ankhoswe ndiwo aziyankhula za kuyezetsa pachilangizo pomwe, ukwati usanamangidwe. Nyengo ya maukwati yayandikira, ndipo tikufuna tikakhale pamkeka tili ndi yankho limodzi tonse.

Ndife,
Amayi olangiza mabanja,
Chinamwali, Zomba