Kwa mwana wanga wa ku Joni, pa nkhani ya magetsi ndi ndege

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Salima tili bwino, kaya iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu angawo. Ndamva dandaulo lako lakuti mafuta ndi magetsi zakwera, ndipo mlandu wonse ukuukankhira pa msonkho wa kaboni. Msonkhowo dziko la South Africa linauyamba pa 1 June 2019, pa mtengo wa R120 pa tani iliyonse ya utsi woipitsa mlengalenga, kuti wotulutsa utsi azimva kuwawa m'thumba. Zokwera mitengo zili ndi zifukwa zinanso, koma msonkhowo sungauchotse iwe. Chimene ungathe n'kuchepetsa zomwe ukuwotcha.

Magetsi akumeneko si ngati athu. Athu ambiri amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kuno kwathu kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe anayamba ntchito mu 2021. A Eskom, kampani ya magetsi ya kumeneko, ambiri ndi a malasha, choncho yuniti iliyonse imene mwawononga ndi malasha amene apsa pachabe ku Mpumalanga. Yambira pa giza yotenthetsera madzi osamba ija, chifukwa ndiyo imameza mayunitsi usiku wonse inu muli mtulo. Uiikire nthawi yoyaka m'mamawa ndi madzulo basi. Nyemba muziziviika usiku, zimapsa msanga, ndipo poto azikhala wovindikira. M'ketulo muzithira madzi a makapu amene mumwe, osati kudzaza mpaka pakamwa chifukwa cha tiyi wa munthu mmodzi. Mababu akale aja sintha, ugule a LED.

Za ndege ndikudziwa kuti ntchito imakutuma ku Cape Town ndi ku Durban. Komabe si msonkhano uliwonse wofuna kuti munthu akafike ndi thupi, ina mutha kukambirana pa kompyuta. Ndege imamwa mafuta kwambiri ponyamuka, ndiye pobwera kuno usamatengeke ndi tikiti yozungulira ku Nairobi kapena ku Addis Ababa. Kwera yolunjika ku Lilongwe. Ndipo m'malo mobwera pafupipafupi n'kugona masiku awiri ngati mlendo wa pamaliro, uzibwera kamodzi n'kukhalitsa, ana akasambe ku Senga Bay, adziwe abale awo.

Chikundiwawa ine n'chakuti kuno magetsi akakwera mtengo kapena akazima, anthu amathawira ku makala. Njinga zodzaza matumba zimadutsa pakhomo pano m'bandakucha, nkhalango ya Thuma nayo yavutika nazo kwa zaka zambiri. Ndalama ya ulendo umodzi imene upulumutseyo utumize, tigulire mlongo wako silinda ya gasi, azakhali ako tiwapezere chitetezo mbaula yosadya nkhuni zambiri. Undiyankhe mwezi usanathe, ndikafunse mitengo ku Kamuzu Road.

Ndine mayi ako.