Mafupa a oyera sagulitsidwa ngati tomato wa pa Lizulu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule nawo m'nyuzipepala yanuyi. Mwezi wathawu azakhali anga anabwera kunyumba akumwetulira, m'manja muli kapepala kapulasitiki. M'katimo munali kachidutswa ka nsalu yofiira, kochepa ngati chikhadabo. Amene anawagulitsa, bambo wina wovala kolona m'khosi, anawauza kuti kansaluko kanakhudza mafupa a woyera Karoli Lwanga ku Namugongo, m'dziko la Uganda, ndipo kamachiza nyamakazi. Analipira ndalama yomwe anagulitsira ndowa ziwiri za mbatatesi. Mawondo akuwawabe.

Ine ndine Mkatolika, ndipo kulemekeza zotsalira za anthu oyera sindikutsutsa. Ndili mnyamata ndinkatumikira Misa. Tsiku lina tikusintha nsalu za paguwa ndinaona mwala wosalala wa ngodya zinayi, wolembedwa timitanda tisanu, utalowetsedwa m'thabwa. Akatekisiti anandimenya padzanja ndisanaukande. Kenaka anandifotokozera monong'ona kuti m'kati mwa mwalawo munatsekeredwa kachidutswa ka fupa la woyera, ndi pamenepo wansembe amapsompsona poyamba Misa. Mwambowu ndi wakale kwambiri. Akhristu oyamba ankapemphera pamanda a anzawo ophedwa chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo msonkhano wa maepiskopi ku Nicaea mu 787 unalamula kuti tchalitchi chisadalitsidwe popanda zotsalirazi. M'Baibulo namo nkhaniyi ilimo: pa 2 Mafumu 13:21 mtembo unakhudza mafupa a Elisa, munthuyo n'kudzuka.

Koma mwala uja palibe anatilipiritsa kuti tiuone. Malamulo a Mpingo, pa nambala 1190, amaletseratu kugulitsa zotsalira za oyera. Zenizeni zimasungidwa m'kabokosi kagalasi komata ndi chidindo, ndipo zimayenda ndi kalata ya akuluakulu a Mpingo. Siziyenda m'chikwama pamodzi ndi mankhwala a makoswe. Lwanga anatenthedwa pa 3 Juni 1886 chifukwa chokana kugonjera mfumu Mwanga. Lero wina akudyera dzina lake kwa agogo osauka!

Chimene chikundiwawa china n'chakuti anzathu a mipingo ina amatinena kale kuti timapembedza mafupa. Timawayankha kuti ayi, timapembedza Mulungu yekha, oyerawo timangowalemekeza monga timasungira mkanda kapena khasu la malemu agogo. Nanga tiwayankha chiyani akaona azakhali atamangirira kansalu kaja pabondo ngati chithumwa cha kwa sing'anga?

Ndikupempha abambo athu a dayosizi ya Dedza kuti nkhaniyi ayilankhule paguwa komanso m'miphakati, m'Chichewa chomveka. Bambo wogulitsa kansalu ujayo akuti anamuona akukwera minibasi yolowera ku Tsangano, chikwama chake chidakali chodzaza.

Mkhristu wodandaula,
Ntcheu